Nkhafi pa Maliro a Maliko

Ndinadzuka tambala asanalire, msana uli gwa chifukwa chogona pa benchi. Moto wa amuna panja unali utatsala makala okhaokha, ndipo amayi a mvano m'nyumba anali atasasa mawu ndi nyimbo. Kunali chisanu cha Julaye chija cholowa m'mafupa. Maliro anali a mng'ono wanga Maliko, pano pa Zengeza kufupi ndi Harare, pa nyumba imene anatisiyira bambo athu.

Maliko ankagwira ntchito ku mapiri a Nyanga, yopalasa bwato lampira pa mtsinje wa Pungwe, kutsitsa alendo m'mathithi momwe madzi amachita thovu loyera. Ine ndimawotcherera mageti pa msika wa Chikwanha. Zaka zonsezi ndinkati mtsinjewo udzamudya, koma chinamutenga ndi chibayo, pa bedi la kuchipatala. Ngakhale pakufa anandimana mpata wonena kuti suja ndinkanena ine.

Ndisabise, ndinkamuchitira nsanje ali moyo, ndipo sinathe atalowa m'bokosi. Denga likadontha ndine, mayi akadwala ndine. Iye ankatulukira kamodzi pa chaka atada bii ndi dzuwa, nkhani zili m'kamwa tho, nyumba yonse n'kumuunjirira. Woposa onse anali mwana wanga wamkazi Tadala, amene ndamupezera malo ophunzira unamwino ku Harare, kuti azikwera kombi, minibasi za kuno, m'mawa n'kumagona pakhomo.

Kutacha, amayi anasonkha moto pansi pa madiramu n'kuyamba kuduladula kabichi. Anthu anayamba kufika, a mpingo, anzanga a pa Chikwanha, ndi madala a bungwe lathu la maliro, amene Chichewa chawo sichinasakanikebe ndi Chishona. Dzuwa litakwera inafika lole yodzaza fumbi. Munatsika anzake a kumtsinje, aliyense nkhafi m'manja, ena atavala makabudula pa chisanu chonsecho. Atangoona bokosi analira ngati ana. Ndinadzifunsa kuti pa maliro anga ndani adzayenda usiku wonse kudzandilira chonchi, ndipo yankho lake silinandikomere.

Ponyamula maliro anaima mizere iwiri pa geti, n'kupingasa nkhafi m'mwamba kuti bokosi lidutse pansi pake. Khamu lonse linatulutsa mafoni. Getilo ndinawotcherera ndine, koma palibe analiyang'ana. Tinakwera mabasi kulowera kumanda, mphepo ikuulutsa mapepala m'mbali mwa msewu.

Abusa atatha pemphero, inafika nthawi ya asahwira, amene madala amawatcha adzukulu, yotsanzira zimene malemu ankachita ali moyo. Anzake aja anakhala pansi pa dothi lofiira, awiriawiri monga amakhalira m'bwato. Malo a kumbuyo, a munthu wowongolera, anawasiya opanda munthu. Mmodzi anakweza chisoti cha Maliko n'kuitana dzina la mwana wanga.

Tadala anatuluka pakati pa amayi, anamanga chitenje molimba, n'kuvala chisoticho. Anayamba kulamula ndi mawu a bambo ake aang'ono enieni, kuti palasani, bwererani, gwirani chingwe, gonani m'kati. Ankatchula mathithi limodzilimodzi, mayina amene ine sindinawamvepo, ndipo amuna aja ankamumvera osachedwa ndi pang'ono pomwe. Anthu ankaseka misozi ili chuchuchu. Mayi anga, amene sanadye kanthu chimwalirire Maliko, anamwetulira.

Mkulu wina wa kumtsinjeko anandigwira paphewa. “Muli ndi mwana, madala. Dzinja lathali ndi linzake lija wapalasa nafe, ndipo madzi amawawerenga ngati malemuwa.”

Ndinagwedeza mutu ngati ndikudziwa. Ine ndinkakhulupirira kuti miyezi imeneyo mwana anali ku Mutare, akugulitsa m'sitolo ya mnzake wa Maliko. Ndinathira dothi nditazolika, ndipo anthu ankayesa ndi chisoni chokha.

Pofika madzulo mabenchi anali atabwezedwa ku tchalitchi, lole itapita, mayi atagona. M'nyumba munali zii. Ndinamupeza Tadala akutsuka mbale kukhitchini, nkhafi imene anzake a Maliko aja anasiya itatsamira kuseri kwa chitseko.

“Ndiye za unamwino zija zatha?” ndinafunsa.

Anayankha m'Chishona monga amachitira, osandiyang'ana. “Ndichaenda, baba.” Anati mvula ikangoyamba adzapita kumtsinje kuja, ndipo anati akadandiuza kale akadadziwa kuti ndimumvetsera.

Ndinali nditakonza mawu ambiri ochokera kumanda kuja, koma chinatuluka ndi china. “Nanga ine, pa maliro anga, udzanditsanzira bwanji?”

Anaganiza nthawi yaitali, mbale ili m'manja, madzi akudontha pansi. Ndinaona kuti akufunafuna ndi mtima wonse, sanali kundinyoza ayi. Ndinatenga kansalu n'kuyamba kumupukutira mbale.