Galimoto Yoopa Makaniko

Neba wanga amakwera basi masiku ano, koma nkhani zake ndi za galimoto yomwe anagula ntchito ya kumigodi isanathe. Amati, "Ija inali mboni yoti nanenso ndinadyapo."

Mboniyo itakalamba inayamba misala. Akathamanga, chiwongolero chinkapepuka ngati pepala. Akamakhota pang'onopang'ono chinkauma gwa, timagetsi n'kumaphethira. Koma ikangofika kwa makaniko ku Welshpool, yachira.

"Achimwene, ikuopa jakisoni imeneyi," ndinkawaseka.

Lamlungu lina inakana kukhota pachipata cha tchalitchi, n'kukagunda mpanda akazi awo ali momwemo.

"Bambo, musankhe, ine kapena iyo," anatero akazi awowo.

Anaigulitsa. Wogulayo anangomangitsa waya wokhwefuka wa pabatire, basi.

Pano ikamadutsa pasiteji, neba amaivulira chipewa. Ine za jakisoni ndinaleka.