Ndinaopa apongozi kuposa kachilombo

Ndinalakwa, ndipo lero sindibisanso. Ndinalola mwana wanga wa miyezi iwiri kumwetsedwa phala ine ndikuonerera, kuopa kuti anthu a ku Chilomoni angadziwe kuti ndili ndi kachilombo ka HIV. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ndimvereni bwino.

Za kachilomboka ndinazidziwa kusikelo ndili woyembekezera. Mwana atabadwa, anamwino anandiuza mosapsatira mawu kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi aziyamwa bere basi, ngakhale madzi osampatsa. Anati kusakaniza bere ndi zakudya zina kumapweteka matumbo a khanda, ndipo kachilombo kamalowa mosavuta. Ndinamva ndithu. Amuna anga, omwe ankawotcherera zitsulo kumsika, anamvanso, koma anandichonderera kuti mayi awo asadziwe kanthu.

Apongoziwo anabwera kuchokera kumudzi ku Nsanje kudzandithandiza. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Kungoti kwawo khanda likalira ndiye kuti ndi njala, kukatentha ndiye kuti ndi ludzu. Anatenga ufa wa mapira wosefa bwino ndi timizu toviika m'madzi, tomwe ankati timalimbitsa mwana.

"Wamwamuna uyu, bere lokha silingamukwane," ankatero. "Ine ndalera ana asanu ndi atatu. Manesi anuwo abereka angati?"

Masiku amenewo pampopi pathu pankamveka zoti mayi amene sapatsa khanda madzi ndiye kuti ali nako. Ndinkaona mmene azimayi ankatsinirana mnzathu wina akamadutsa. Ndiye tsiku lomwe apongozi anatenga kasupuni n'kuyamba kumumwetsa mwana kaphala kamadzimadzi, ine ndinangopitiriza kuchapa matewera ngati sindikuona. Zinapitirira choncho miyezi itatu. Kusikelo akandifunsa ndinkanama.

Mwana anayamba kutsegula m'mimba pafupipafupi, sikelo n'kumatsika. Atamuyeza anamupeza nako. Anamwino sananene kuti chinachititsa ndi phala lokhalo, koma ine ndikudziwa chimene ndinalola. Mtima umandiwawa mpaka lero.

Patapita zaka zinayi ndinabereka mtsikana, apo n'kuti ndikumwa mankhwala mokhulupirika. Apongozi anatulukiranso ndi ufa wawo. Ndinawalandira katundu, n'kuwapatsa mpando, n'kugwada bwinobwino.

"Amayi," ndinatero, "ine ndili ndi kachilombo, mwana wanu alinso nako, mdzukulu wanu woyamba uja alinso nako. Uyu akangolawa china kupatula bere langa, mawa lomwe mukwera basi ya ku Nsanje."

Anakhala, ndipo ufa uja anaphika phala n'kumwa okha. Amuna anga sanandilankhule sabata yathunthu. Nkhani inafika pampopi, anandinena mpaka kukamwa kunawauma. Anene! Ndani mwa iwo anandiperekezako kuchipatala mwana wanga atalefuka? Mtsikana wangayo anayamwa bere lokha miyezi yonse isanu ndi umodzi, ndipo alibe kachilombo.

Inu amayi, kaya muli nako kaya mulibe, musalole munthu kuika supuni kukamwa kwa khanda lanu nthawi isanakwane, ngakhale akhale amene anabereka amuna anu. Gwadani, alemekezeni, koma kanani. Okunenani adzatopa, matenda satopa.

Mwana wanga woyamba uja tsopano ali sitandade 7. Chaka chatha anandifunsa chifukwa chake iye amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku pomwe mchemwali wake samwa. Ndinamuuza zoona, kuti mayi ake anachita manyazi. Inu musadzafike poyankha funso limenelo.