Ulendo Woyeserera wa a Bwerani-Mawa

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Mumsewu monse ankangoti a Bwerani-Mawa, chifukwa wotchi ikalowa m'manja mwawo sinkatuluka tsiku lomwelo. Ngakhale vuto likhale la batire chabe, ankaikonza, kenako n'kuipachika pamsomali kuti igone, aione ngati kukacha ikhala ikunenabe zoona. Mwini wake akayamba kuwiringula, iwo ankachotsa kagalasi padiso n'kunena mofatsa kuti, "Chinthu chosayesa sindipereka ine. Bwerani mawa." Ena ankachoka akung'ung'udza, koma mawa lakelo ankabweradi, poti wotchi yochoka pamenepo sinkavutanso.

Malo awo antchito anali pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi kashopu ka nsapato. Panali tebulo lagalasi, mpando wopanda chotsamira, ndi chitini cha mabisiketi chodzaza timasikuluu toti ukangoyetsemula, ntchito yathera pomwepo. Tebulo limenelo ndi lomwe linaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, mpaka kukhala namwino. Mafoni atachuluka anthu anavula mawotchi, ntchito n'kutsala ya malamba ndi mabatire, koma mkuluyu ankapitabe m'mawa uliwonse atavala jekete.

Namwinoyo anapeza ntchito kutsidya kwa nyanja. Pochoka anati chaka chimodzi chokha, koma zaka zinangotsatizana. Mapepala ake okhalira kumeneko ankachedwa kutuluka, ndipo akanati abwere kudzaona makolo, sakanaloledwa kubwereranso kuntchito. Anakwatiwa komweko, n'kubereka mwana wamkazi amene agogo ake ankangomumvera kulira pafoni.

Tsono kunyumba kunalowa vuto mwakachetechete. Akazi awo a Bwerani-Mawa, mayi amene kale ankataipa makalata muofesi ndipo sankaiwala ngakhale tsiku lobadwa la mwana wa neba, anayamba kuika makiyi mufiriji. Poyamba ankaseka onse awiri. Kuseka kunatha tsiku limene mayiyo anayala tebulo la anthu atatu, n'kunena kuti achimwene awo abwera kudzadya, pomwe achimwenewo anamwalira mwana asanabadwe. Dokotala sanazungulire. Anati matendawa ndi oiwalitsa, sabwerera m'mbuyo, ndipo ngati pali anthu oti mayiyo awaone, awaone msanga.

Mwana uja atamva analira pafoni mpaka mawu kutha. Atapeza mpweya anati, "Ababa, bwerani kutchuthi kuno. Matikiti ndigula ine, inu mungonyamula zovala. Ndikufuna Amama andione akadandidziwa."

Nthawi imeneyo n'kuti akumudziwabe. Kankhope ka pagalasi la foni ankakatenga ngati munthu wa pa TV, koma chithunzi cha pakhoma ankachiloza molondola, n'kunena kuti, "Uyu ndi wanga, wamakani ngati bambo ake." Mapasipoti anatuluka, maviza nawo anatuluka, ndipo munthu wina aliyense akanangotseka chikwama n'kunyamuka. Koma apa tikunena za a Bwerani-Mawa.

Anapita kukafunsa mwini sitolo ya mankhwala, amene anakwerapo ndege, ndipo zomwe anamva zinawalanda mtendere. Anamva kuti munthu umakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, utamangidwa lamba. Anamva kuti makutu amatseka, mapazi amatupa, chimbudzi chimabangula ukachigejemula, ndipo pakati pa ulendo mumatsika pabwalo lina lalikulu n'kuyamba kusaka ndege yachiwiri. Anakumbukira tsiku lomwe akazi awo anachita mantha m'basi n'kuyamba kulimbana ndi chitseko basiyo ikuthamanga. Nanga zimenezo zitachitikira mumlengalenga?

"Tiyese kaye," anamuuza mwanayo. "Sabata zochepa chabe."

Ndege yawo anaimanga pabalaza. Anatenga mipando iwiri ya patebulo lodyera n'kuigundanitsa kuseri kwa sofa, mothinana, kuti mawondo azigunda kutsogolo. Malamba anali a mathalauza awo omwe. Ankatseka makatani, kuyatsa fani, n'kuika wailesi pamalo opanda siteshoni kuti izingochita phokoso. Chakudya ankabweretsa pathireyi, buledi ndi tiyi wa m'kapu yapulasitiki. Ankawaveka akazi awo masokosi othina oletsa mapazi kutupa, ogula kusitolo ya mankhwala, ndipo pakapita nthawi ankawadzutsa kuti ayende m'khonde la m'nyumba, kupita ndi kubwerera, magazi ayende.

Tsiku loyamba mayiyo anangokhala pang'ono n'kumasula lamba. "Kodi inu mwapenga? Tikhala mumdima masanasana?"

"Tikupita kwa mwana wathu, Amayi. Khalani pansi, ndege ili m'mwamba."

"M'mwamba mwa chiyani, poti tsachelo ndi ilo?"

Anaseka onse awiri, ndipo anali asanaseke choncho kwa miyezi. A Bwerani-Mawa sanafooke. Ankangowonjezera nthawi pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, monga ankachitira ndi wotchi yothamanga, mpaka mayiyo anayamba kumanga yekha lamba akangomva wailesi ija.

Panatsala mbali imodzi yosayesa, yomwe ndi kufika. Mwini sitolo ya mankhwala anati kumapeto kwake chitseko chimatseguka chokha, ndipo umangoona khamu la anthu likukuyang'ana. A Bwerani-Mawa anaona kuti pamenepo ndi pomwe akazi awo angadzabalalike, ulendo wonse n'kuwonongeka pakhomo penipeni. Pankafunika munthu woimirira pachitseko. M'nyumba yoyandikana ndi yawo munkakhala mayi wa saluni, wamsinkhu wa mwana wawo, wosekaseka, woyenda ndi chipeso m'mutu kulikonse.

"Ababa, ine ndiye ndikhale namwino wa kunja?" anafunsa akuseka. "Chingerezi chake ndikachitenge kuti?"

"Palibe za Chingerezi. Ungoima pachitseko cha kukhitchini. Tikamasula malamba, utambasule manja n'kunena kuti, 'Amama, mwafika!' Basi."

Anavomera chifukwa cha chisoni, ndipo madzulo alionse akatseka saluni ankabwera, manja akununkhira mafuta a tsitsi. Masiku oyamba mayiyo ankamuyang'ana n'kunena kuti, "Iwe si uja umaluka anthu apa?" Kenako anasiya kufunsa. Ndiye tsiku lina, atangomva mawu aja, anathamanga ndi masokosi awo othinawo, n'kumugwira masaya ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu.

"Mwana wanga! Unali kuti nthawi yonseyi? Taona mmene waondera."

Mayi wa saluni anawakumbatira, koma maso ake anali pa a Bwerani-Mawa, ndipo sankasekanso. Potuluka anawakokera pambali. "Ababa, izi zayamba kundiopsa. Amama akulira zenizeni."

"N'zimene timafuna," anayankha mkuluyo, nkhope ikuwala. "Chachikulu azolowere kufika. Akadzaona mwana wawo weniweni, magazi adzawauza okha."

Ankakhulupiriradi zimenezo. Sikuti anali munthu wouma mtima ayi. Ankawakonda akazi awo kwambiri moti sankafuna kuti achite mantha ngakhale pang'ono, ndipo njira yosamalira chinthu imene ankaidziwa inali imodzi yomweyo, kuyesa ndi kuyesanso. Sabata zochepa zija zinasanduka miyezi. Nyengo yozizira inadutsa, yotentha n'kulowa, iwo akadali kuseri kwa sofa.

"Ababa, tsiku la matikiti ndalisuntha mpaka anthu ake atopa nane," anatero mwana uja, mawu atauma. "Mukudikira chiyani?"

"Tatsala pang'ono, mwana wanga. Za kusintha ndege ndi zomwe sizinakhazikike."

"Ine si kasitomala wanu, Ababa. Musandiuze za mawa."

Mawu amenewo anawabaya, ndipo mwezi womwewo ananyamuka.

Kunena zoona, ulendo unayenda bwino kwambiri. Mayiyo anakhala pampando wa pazenera, n'kumanga lamba wogwira ntchito m'ndege asanawauze. Ndege itayamba kubangula anangotsamira n'kutseka maso. Anadya za pathireyi, anamwa madzi, anayenda m'kanjira ka pakati atagwira mkono wa amuna awo, osadandaula ngakhale kamodzi. Amene anavutika ndi a Bwerani-Mawa. Makutu anawawawa, mawondo anauma, ndipo pabwalo losinthira ndege anasokonezeka ndi zikwangwani mpaka thukuta kunyowetsa jekete. Akazi awo ndi amene anawasisita pamsana n'kunena kuti, "Musade nkhawa, timafika nthawi zonse." Mkuluyo ananyada mumtima kuti ntchito yawo yagwira.

Atatenga zikwama, chitseko chinatseguka chokha, monga anauzidwira. Khamu linalipodi. Ndipo mwana wawo anali kutsogolo kwenikweni, wanenepa pang'ono, wavala magalasi, tsitsi lodula, kamtsikana katamugwira siketi. Anagwetsa maluwa omwe ananyamula n'kuthamanga.

"Amama! Amama!"

Anawakumbatira mwamphamvu, nkhope itabisika pakhosi pawo. Mayiyo anaima njoo, manja ali m'mbali. Anadikira mwaulemu kuti mlendoyu amalize, kenako anadzichotsa pang'onopang'ono.

"Pepani mayi, mwina mwatisokoneza ndi anthu ena," anatero. Anayang'ana kuseri kwa phewa lake, uku ndi uku, kufufuza m'khamumo. Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Nanga mwana wathu ali kuti? Amaima pachitseko pomwepa."

"Ndi uyu, Amayi. Mwana wathu ndi ameneyu."

"Musandinamize inu. Wanga ndimamudziwa. Ndi wowonda, amayenda ndi chipeso m'mutu."

Namwinoyo anayang'ana bambo ake, osamvetsa. A Bwerani-Mawa anangonyamula zikwama. Anafotokoza ali m'galimoto, ndi mawu otsika, akazi awo akuwodzera kumbuyo. Mwanayo sanakalipe, ngakhale iwo ankalakalaka akanakalipa. Anangoimitsa galimoto pambali pa msewu, n'kugoneka mutu pachiwongolero kwa nthawi yaitali.

Tchuthi chinachitikabe, poti anthu anali atafika kale. Mkamwini anawatengera kokaona nyumba zitalizitali, kumalo oonera nyama zakutchire, ndi kupaki komwe masamba anali atasanduka ofiira. Mayiyo ankayamikira chilichonse. Mwana wawo ankamutchula kuti mayi a nyumba ino, ankapempha chilolezo asanatsegule firiji, ndipo akadya ankathamangira kutsuka mbale kuti asaoneke alendo aulesi. Kamdzukulu ankakakonda, ankakaluka tsitsi, koma ankafunsa kawirikawiri kuti ndi ka ndani. Namwinoyo anayesa zonse zomwe ankadziwa. Anavula magalasi, anatulutsa zithunzi zakale, anaimba nyimbo zomwe ankaimba ali kusukulu. Mayi ake ankamvetsera mwachidwi, n'kunena kuti, "Mwana wanganso amaidziwa imeneyo."

Madzulo akamayandikira ndi pomwe zinkapweteka kwambiri. Mayiyo ankakhala pampando moongoka, n'kumayang'ana chitseko cha kukhitchini. Palibe amene ankatulukira atatambasula manja. Tsiku lina namwinoyo anayesa kuima pamenepo, n'kunena mawu omwe bambo ake anamuuza, koma mayiyo anangomuyang'ana momumvera chisoni n'kufunsa ngati akumva bwino m'thupi.

A Bwerani-Mawa anakalamba m'masabata amenewo. Ankakhala pazenera atavala jekete, manja ali pamawondo, opanda choti akonze. Ankawerengera m'mbuyo miyezi ija ya kuseri kwa sofa, kufuna kupeza tsiku limene akanati anyamuke zinthu zikanali bwino, ndipo ankalipeza mosavuta. Linali tsiku lililonse la kumayambiriro.

M'mawa wa tsiku lobwerera, mayiyo anadzuka ndi chimwemwe chimene sanachionetse tchuthi chonse. Anavala okha masokosi othina, n'kukhala pafupi ndi zikwama nthawi isanakwane. Kubwalo la ndege, pamalo pomwe operekeza amalekezera, anagwira dzanja la namwinoyo ndi manja awiri.

"Mayi, mwatisunga bwino kwambiri. Anthu osatidziwa n'komwe, koma kutisamala chonchi! Tsopano tikupita kwa mwana wanga. Ndikamuuza zonse zimene mwatichitira."

A Bwerani-Mawa anayamba kunena kuti, "Amayi, uyu ndi..." koma mwanayo anawagwira pamkono kuti aleke. Anakonza kolala ya juzi ya mayi ake, n'kumanga batani lomwe linatsala.

"Mukam'patse moni," anatero. "Mukamuuze kuti ali ndi mwayi. Azikukumbatirani tsiku lililonse, asamadumphitse."

"Sadumphitsa ameneyo," anayankha mayiyo monyadira.

Anatembenuka n'kulowa pamzere, akukoka amuna awo kuti afulumire. A Bwerani-Mawa anacheuka kamodzi. Mwana wawo anali ataimabe pomwepo akubaibitsa, ndipo iwo okha ndi amene anakweza dzanja.