Foni Inayaka Zobiriwira, Mota Siinabwere

Inu owerenga, ndikuyamba ndi kuvomera kuti pakamwa pangapa ndi pamene panakweza munthu wachabechabe, ndipo amene analipira ndi thupi lake ndi mwana wanga Lusiya. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndinaona ndinaziona ndi maso anga.

Kwathu ndi ku Ngauma. Ndinabwerera kuno kuchokera kumene tinathawira, ndili mtsikana nkhondo itatha, tinamanga kudambo, tinalima. Kenako madzi osefukira anatigumulira mudzi, tinakakhala kwa abale ku Mandimba. Pobwerera sitinamangenso kudambo kuja, tinakwera pamtunda n'kuyamba mudzi watsopano. Mugwire mawu amenewa, chifukwa nkhani yonse yagona pamtunda pamenepo.

Madzi asanabwere, bungwe lina linatibweretsera njira yothandizira amayi apakati. Ine ndinasankhidwa kusunga foni ya mudzi. Mayi akayamba kumva kupweteka, ndinkatsegula tsamba la pa intaneti, n'kusankha dzina lake, n'kudina batani. Anakonza zimenezi ndi mtsikana wa ku Cuamba dzina lake Amina, wofatsa, wosachulutsa mawu. Tsiku lotiphunzitsa anati zili ngati zolengeza za m'tchalitchi: wolengeza amanena kamodzi, ndipo aliyense amene nkhaniyo ikumukhudza amanyamuka payekha. Mkati mwa makinawo, anatero, muli timapulogalamu totchera khutu. Ine ndikadina, uthenga umalengezedwa kuti kwachitika chakuti. Kena kamamva n'kuitana wa mota, ndiye kuti njinga yamoto, kena n'kuchenjeza namwino kuchipatala. Kamodzi kakagwa, tinzake sitinkaima. Ndipo foni inkayaka zobiriwira pokhapokha wa mota atayankha kuti ali m'njira.

Titabwerera kuchokera ku Mandimba kuja, Amina anali atapita kukapitiriza maphunziro, ndipo bungwe linkafuna womulowa m'malo. Apa ndi pamene panatulukira Selesitino, mwana wa mnzanga wa kumpingo. Ankavala tayi ngakhale dzuwa la Okutobala, ndipo ankafuna tizimutcha a Enjinyero. Popemphera ankakweza mawu mpaka mbuzi kudzidzimuka panja. Akuluakulu a bungwe atatifunsa ife amayi maganizo, ine ndinaimirira n'kunena kuti mwanayu ndi woopa Mulungu, mupatseni. Za makompyuta ndinkadziwapo chiyani ine? Ndinaona tayi, ndinamva pemphero, basi.

Ntchito yake yaikulu inali mapu. Anaika chikanema chachikulu pakhoma la ofesi ku Mandimba, ndipo mayi akadiniridwa batani, kanyali kankaphethira pamudzi wake. Alendo akabwera pa magalimoto ankaombera m'manja, iye n'kumaweramira uku ndi uku ngati mkwati. Chilandirire ntchitoyo, kumidzi sanapondeko. Ankati fumbi limaononga kompyuta, koma tonse tinkaona kuti akunena nsapato zake.

Lusiya anali ndi pakati poyamba. Matenda anamuyamba m'mawa tikuumba njerwa za khitchini, masiku ake asanakwane. Ndinasamba m'manja, ndinadina batani, ndipo nthawi yomweyo foni inayaka zobiriwira. Ndinathokoza Ambuye, ndinati taonani kufulumira kwake, nthawi ya Amina tinkadikira.

A Yusufu, oyandikana nafe amene amapalasa njinga ya kabaza, anamva kubuula n'kubwera. Anati: “Mayi, tim'kweze pa njingayi, mota tikumana nayo m'njira.” Inu owerenga, ndinawabweza. Ndinawaonetsa foni n'kunena kuti a Enjinyero akonza kale zonse, musam'gwedeze mwana pa miyala. Anayang'ana foniyo, anayang'ana Lusiya, n'kunena kuti: “Chabwino, koma ine sindipita kumsika lero.” Anakhala pansi pa mtengo wa mango, njinga ili pambali. Mulungu awadalitse bambo amenewa ndi ana awo.

Dzuwa linafika pamutu. Ndinadinanso, zobiriwira. Ndinadinanso, zobiriwira. Nambala ya wa mota ndinalibe, chifukwa Selesitino anatiuza kuti kuimbirana mafoni ndi zachikale, kumasokoneza dongosolo. Kenako ndinaona magazi pa mphasa. Ndinafuula dzina la a Yusufu, ndipo iwo sanandikumbutse n'komwe mawu anga. Tinam'mangirira Lusiya pa njinga ndi zitenje, iwo akukankha njinga, ine ndikum'gwira msana, ndikupemphera pemphero lopanda mutu.

Kuchipatala namwino anadabwa kutiona. Palibe uthenga umene unam'fika. Wa mota tinam'peza pomwepo akutsuka mota yake, naye sanamve kanthu. Anatitumiza ku Cuamba mwachangu. Kumeneko madokotala anapulumutsa mwana, kamtsikana, anapulumutsanso Lusiya, koma chiberekero anachichotsa. Anati tikanafika m'mawa zikanakhala zina. Mwana wanga sadzaberekanso.

Amina atamva anabwera kudzationa m'chipatala, atanyamula nthochi. Ndinam'pempha andiuze zoona, ndipo atakafufuza anandifotokozera pang'onopang'ono. Selesitino anatenga timapulogalamu tija, timene tinkamva patokhapatokha, n'kutindandalitsa pamzere umodzi ngati anthu opatsirana ndowa. Patsogolo anaika kake ka mapu, kuti kanyali kaziyaka msanga alendo akuona. Tsono mudzi wathu watsopano pa mapu ake panalibe, iye ankadziwa wakale wa kudambo. Uthenga wanga utafika, ka mapu kanasowa poyatsa nyali, kanagwa, ndowa n'kutayikira pomwepo. Ka wa mota ndi ka namwino tinangokhala kumbuyo, osalandira kanthu. Zobiriwira zija anazisinthanso kuti ziziyaka uthenga ukangochoka m'foni, osadikira yankho, chifukwa kudikira kunkaoneka kochedwa pamaso pa alendo. Ndiponso sanaike chilichonse choti chilire zinthu zikalephereka. Ine ndinkadina, makina n'kumagwa mwakachetechete.

Ndinapita kuofesi kuja titatuluka m'chipatala. Ndinam'peza akupukuta chikanema chake ndi kansalu. Mukuganiza anapepesa? Anati: “Amayi, vuto ndi inu anthu. Mumasamutsa midzi osauza sisitema.” Ndinam'yankha kuti mwana iwe, madzi amene anatisamutsa sanauzenso munthu, ndipo amayi ako omwe anatithandiza kusenza udzu wofolera pamtundapo. Anangokonza tayi. Munthu wamkulu, ndevu pachibwano, kuimba mlandu mudzi wonse chifukwa sunakhale pamene iye anaujambula! Ndimayesetsa kum'khululukira monga timaphunzirira, ndipo ndimam'pempherera, koma kum'lemekeza ndiye ayi. Mpaka lero amakhala pa benchi ya kutsogolo m'tchalitchi, ndipo akayamba kupemphera ine ndimayang'ana pansi kuti nkhope yanga isachimwe.

Bungwe linam'chotsa mwakachetechete, Amina n'kubwezeretsa zonse mmene zinalili. Anaonjezanso kuti wa mota akapanda kuyankha, foni izifiira ndi kulira, n'kuonetsa nambala yoti ndiimbe. Mapu aja anawasiya, koma anawaika pambali, kuti akagwa agwe okha.

Tsono inu ana amene mumakonza zinthu zimenezi, ndikupempheni ngati mayi wanu. Kulengeza si kumveka. Musayatse zobiriwira munthu asanayankhe, chifukwa kuseri kwa batani lanulo kuli mayi wosaphunzira ngati ine amene adzakukhulupirirani n'kubweza njinga. Zokongoletsa ziikeni kumbuyo, zopulumutsa moyo patsogolo, ndipo china chikagwa chisagwetse chinzake. Pitani kumidzi mukaone ngati ikadali pamene munaisiya.

Ndipo inu amayi anzanga, musavomereze munthu ntchito chifukwa amapemphera mokweza. Funsani amene akuidziwa ntchitoyo. Ine ndinalankhula pa zinthu zosazidziwa, ndipo ndikaona Lusiya akupinda timalaya ta mwana n'kutipereka kwa anzake, poti kulibe mng'ono wodzativala, ndimakumbukira tsiku lija ndinaimirira.

Mdzukulu wanga tinam'tcha Chisomo, akuyenda tsopano, ndipo ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse. Foni ya mudzi ndikusungabe. Ndimadina batani monga kale, koma kaya iyake zobiriwira chotani, sindikhala pansi mpaka khutu langa litamva mawu a munthu akuti ndikubwera. Akachedwa, ndimaitana a Yusufu.