Jekete ya Amuna Anga pa Mulu wa Nkhuni

Chaka chimene tinkakhala kuseri kwa msika wa Lundazi, m'nyumba yoyandikana nafe munali mayi wina wachizungu wa ku Mangalande amene ankagwira ntchito yoteteza nyama ku Lukusuzi. Chinyanja ankachiyesa ndithu, ngakhale chinkatuluka chotsimphina.

Kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, anabwera kudzapempha zovala zakutha zachimuna. Amuna anga, pokhala mkulu wa mpingo, anaganiza kuti nzothandizira osauka. Anatulutsa jekete yawo yofiirira, imene ankapita nayo pamaliro alionse, naipereka ndi manja awiri, n'kuonjezapo vesi.

Mlungu womwewo apongozi anga anafika kuchokera ku Chikomeni, nkhuku ili m'khwapa. Podutsa pampanda wa mzunguyo anasuzumira, monga mwa chizolowezi chawo. Anaona mulu wa nkhuni, pamwamba patakhala munthu wamasaka, m'mimba atamutsendera makoko a chimanga, nkhope yojambula ndi makala, atavala jekete ya mwana wawo. Nkhuku inagwa n'kuthawa.

"Mwana wane! Bakoma mwana wane!" anakuwa m'Chitumbuka, kutanthauza kuti awaphera mwana.

Ine ndinatuluka ndi thovu la sopo m'manja. Azimayi ogulitsa tomato anali atafika kale, ena akupemphera, ena akungofuna malo abwino oonerera. Amuna anga anaitanidwa kuchokera kusitolo kwawo, ndipo atadziona atakhala pankhuni, anayamba kudzigwira pachifuwa, n'kunena kuti chikhalire m'mawa thupi silinali bwino.

Mzunguyo anatuluka atafiira ngati phwetekere. Anapepesa kwa apongozi, kwa ine, ngakhale kwa munthu amene anamuponda phazi. Kenaka anafotokoza kuti kwawo, kalekale, munthu wina anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mfumu ili momwemo, koma anamugwira asanayatse. Chiyambire pamenepo, chaka ndi chaka amapanga chidole chake n'kuchiotcha, ana akusangalala. Iye anangopukwa kwawo basi.

Nditawamasulira, apongozi anafunsa ngati nyumbayo inapsa. Ayi. Mfumu inavulala? Ayi. Nanga munthuyo anamusiya? Ayi, anamupha. Liti? Zaka mazanamazana zapitazo.

Apongozi anamuyang'ana mzunguyo kuyambira kumapazi. "Ndiye mpaka lelo simunamukhululukile? Kwanu kulibe matchalitchi?"

Apa amuna anga anachira nthawi yomweyo, chifukwa anapeza mutu wa ulaliki. Anaima pambali pa mulu wa nkhuni n'kuphunzitsa za chikhululukiro mpaka ogulitsa tomato anakumbukira kuti anasiya malonda okha.

Madzulo moto unayaka, koma wopanda munthu pamwamba. Mzunguyo anatiitana tonse, natipatsa mbatatesi zootcha m'phulusa ndi makoko omwe, pakati atang'amba n'kuikapo batala. Apongozi anailandira yawo naigwirizira, akudikira ndiwo. Atatopa anandinong'oneza kuti mwina mkwiyo wa anthu amenewa umachokera ku njala.

Chidolecho apongozi anakana kuchisiya m'manja mwa adani ake. M'mawa mwake anakwera nacho galimoto ya ku Chikomeni atachikhazika pamiyendo, ndipo anakachiimika m'munda kuti chiziopseza anyani. Titapitako nthawi ya mondokwa, tinapeza nyani wamkulu atakhala paphewa pake, akudya chimanga mosatekeseka.