Mitambo ya bambo

Chaka chimene achimwene anatenga bambo kupita nawo ku Blantyre kuti akhale pafupi ndi chipatala, ine ndinapatsidwa ntchito yojambula mitambo. Kwathu kuno, kufupi ndi Thambani, mbewu sinkagwa pansi bambo asanayang'ane kumwamba n'kunena kuti, "Bzalani." Ponyamuka anandigwira dzanja. "Uzinditumizira mitambo pa foni ya achimwene akowa. Usabzale ndisananene."

Ndiye m'mawa uliwonse, ndisanasese n'komwe pabwalo, ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira. Azimayi opita kumjigo ankandiseka. "Mwayamba kujambula kwa Mulungu kodi?" Ine foni m'mwamba basi.

Poyamba ndinkasankha mitambo yokongola, yoyera ngati thonje. Bambo anandibweza kuti, "Ndidziwa bwanji kumene ikuchokera? Phiri lizionekamo, ndi mtengo wathu wa manachesi uja." Kunena zoona zinandinyansa, koma ndinamvera. Pang'onopang'ono ndinayamba kuikonda ntchitoyo. Ndinkaona mmene phiri limabisalira mu utsi wa makala, kenako n'kutulukira litasamba.

Mu Novembala inagwa mvula yeniyeni, anthu n'kubzala. Yankho la bambo linali lakuti, "Dikira kaye." Inagwanso. "Dikira kaye." Minda ya anzanga inabiriwira, wanga uli mizere yokhayokha, mbewu ili m'thumba. Ndinapsa mtima, ndinaimbira achimwene.

"Kodi bambo akufuna tigone ndi njala chaka chino?"

Ndinamva akutuluka panja, chitseko n'kutseka. "Chemwali, bambo sakuonanso, ng'ala yatseka maso onse. Foni amangoigwira, amene ndimawauza zili pachithunzi ndine. Nanga ine mitambo ndimaidziwa? Ndimangoti kuli mitambo. Akuopa kukulakwitsa, komanso sakufuna kuti udziwe."

Ndinakhala pansi pachulu pomwepo. Ndinawamvera chisoni bambo, mkwiyo wonse unathera pomwepo.

Kutacha sindinajambule, ndinaimba. "Bambo, kamera yafa. Ndingokuuzani pakamwa."

"Nena."

"Yakuda yaunjikana kuseri kwa phiri, mbali ya ku Mozambique. Nsonga ya phiri sikuoneka."

"Mphepo?"

"Ndi mpoto. Masamba a manachesi akuweramira kukhola."

"Pita m'munda, upise dzanja m'nthaka."

Ndinatsika, ndinapisa mpaka m'chigongono, ndinawauza kuti chinyontho chafika pansi.

"Bzala, mwana wanga."

Ndinabzala tsiku lomwelo, ndipo madzulo mvula inandipeza ndikukwirira mzere womaliza. Chimanga changa chinatsalira pang'ono poyerekeza ndi cha anzanga, koma chinabereka.

Mitambo ndimajambulabe, foni yadzaza ndi phiri lomwelo ndi mtengo womwewo. Koma mvula ikayandikira ndimakwera pachulu n'kuimba. Kwa bambo ndimanenabe kuti kamera yanga inafa, ndipo sanandiuzepo kuti ndikakonzetse.