Bulangeti la Bambo pa Bokosi la Mazira

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo pa tchalitchi. Nkhondo yachiwiri inali itangotha, ndipo ine ndinali nditangokwatira Nangozo. Masiku amenewo mnyamata wa ku Mlangeni akakwatira, njira inali imodzi: kukalembetsa ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Bambo anga anaiyenda njira imeneyo kangapo, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri, bulangeti lalikulu lofiira la mizere yakuda ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ndikawamva akutsokomola kuseri kwa nkhokwe, ndinkapempha Ambuye kuti andipatse ntchito yapafupi, ngakhale yosesa m'khola, kuti ndisalowe pansi pa nthaka ndili wamoyo.

Sabata lina titatuluka m'mapemphero, a Filimoni, mkulu wa mpingo amenenso anali kapitawo pa famu ya mzungu wina kumtunda kwathu, anandikokera pambali.

"Lameki, manambala ukuwadziwabe, kapena anathera paukwati?"

"Ndikuwadziwa, bambo."

"Ubwere mawa. Dona, mkazi wa mzungu, waitanitsa nkhuku yamatabwa."

Ndinkaganiza kuti akuseka. Koma m'mawa mwake ndinaipezadi m'kanyumba ka njerwa kuseri kwa khitchini: bokosi la matabwa osalala, lalitali kufika m'chiuno, loswetsa mazira popanda make. Ambiri mwa inu simunaonepo loyendera palafini, choncho ndifotokoze.

Pambali pa bokosi pamakhala nyali ya palafini yokhala ndi chumuni chachitsulo. Kutentha kwa nyaliyo kumadutsa m'paipi yolowa m'thanki ya madzi, ndipo thankiyo ili pamwamba pa dilowa ya mazira, monga chifuwa cha nkhuku chimakhalira pamwamba pa mazira ake. Pansi pa dilowa pali mbale ya madzi yoti mpweya usaume. Koma nzeru yonse ya bokosilo ili m'kanthu kakang'ono kamkuwa, konga tizivindikiro tiwiri tomatidwa pamodzi, kokhala ndi mankhwala m'kati. A Filimoni ankakatchula kuti mtima. Kutentha kukachuluka, mtimawo umafufuma ndi kukankha kawaya koima chilili. Kawayako kamatukula mkono wachitsulo wopyapyala umene uli kunja, pamwamba pa bokosi, ndipo kumapeto kwa mkonowo kumalendewera kachivindikiro kotseka chumuni. Kachivindikiro kakatukuka, kutentha kumathawira m'mwamba. Bokosi likazizira, mtima umaphwa, kachivindikiro kamatsika, kutentha kumabwereranso kuthanki. Limadzisamala lokha, bola mkonowo ukhale womasuka.

Tinaliimika ine ndi a Filimoni. Tinaika levulo yoyezera kupendekeka pamwamba, n'kumalowetsa timatabwa pansi pa miyendo mpaka kathovu kanakhala pakati. Tinathira madzi ofunda m'thanki, tinadula chingwe cha nyali mowongoka kuti lawi lisachite mwaye, kenaka tinaliyatsa lopanda mazira kwa masiku angapo. Pamenepo ndiye panali ntchito. Pa mkono paja panali kanati kopotokola ndi kamtovu kosuntha. Umapotokola pang'ono, n'kudikira, n'kusuzumira kagalasi koyezera kutentha kamene kanali m'dilowa. Dona anali atajambulapo kamzere kofiira. Mzere wa siliva ukaima pakamzere kofiirako, kachivindikiro kazikhala kakuyandama pang'ono pamwamba pa chumuni, mpata wongokwana chikhadabo. Ndikapupuluma, a Filimoni ankandimenya padzanja.

"Umapotokola ngati ukupha nkhuku bwanji? Pang'onopang'ono. Chimenechi chimayankha mochedwa, ngati apongozi."

Mazira anabwera pa lole kuchokera ku Kabula, atakwiriridwa mu utuchi. Anali a nkhuku zofiira zachizungu, ndipo Dona anawalandira ngati akulandira mlendo. Chinyanja chake chinali chopunduka, koma ndinamva zonse.

"Iwe Lameki. Anapiye akatuluka, nkhuku zonse ntchito yako, masiku onse. Pamwamba pa bokosi palibe kuika chinthu. Chipewa iyayi, kapu iyayi."

Madzulo ake ndinauza Nangozo, amene pa nthawiyo anali woyembekezera mwana wathu woyamba. Anangoti, "Ndiye kuti mudzakhalapo?" Ndinati ndidzakhalapo. Tinagwada pamphasa n'kuyamika.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku inali yofatsa. Dzira lililonse ndinalilemba ndi pensulo, mtanda mbali imodzi, kamkombero mbali inayo, kuti potembenuza m'mawa ndi madzulo ndisalumphe lina. Ndinkathira palafini, kupukuta mwaye, kuwonjezera madzi m'mbale. Sabata itatha tinatseka zenera ndi thumba n'kuunika dzira lililonse pa kandulo. Lopanda kanthu limawala mbee. Lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi timitsempha tofiira tofalikira ngati mizu. Nditaona kadonthoko kakugwedezeka ndinachita mantha oyera. Ndinati m'mtima, Iye amene amaumba munthu m'malo obisika wandilola kusuzumira m'nyumba yake yogwirira ntchito.

Mazira amaswa pakatha masabata atatu, ndipo masiku otsiriza satembenuzidwa, dilowa siitsegulidwa. Masiku otsirizawo anagwera pa Sabata la Mgonero. Abusa ankafika kwathu mwa apo ndi apo, ndipo tsiku limenelo Nangozo, atatha zaka zake za kalasi ya ubatizo, amabatizidwa. A Filimoni anayenera kukhala kutsogolo ndi akulu anzawo. Dona ndi mwamuna wake amapita ku Boma. Anandilola kupita kutchalitchi ndikapeza munthu wokhala pafupi ndi nyali kuti isazime kapena kuyatsa nyumba.

Bambo anadzipereka okha. Iwo sankalowa m'tchalitchi, ankati ku Joni anapemphera zokwanira moyo wonse nthawi iliyonse chikepe chikamatsika nawo m'mgodi. M'mawa wa Sabatalo tinapita limodzi, iwo atadzikulunga m'bulangeti lawo lija, pakuti unali mwezi wa Juni. Ndinaika khutu pa bokosi ndipo ndinamva timawu, tswii, tswii, m'kati mwa zigoba. Ndinawaitana kuti amve. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana.

"Ayikona! Akulira asanabadwe?"

Ndinayamba kuwalozera mkono wachitsulo uja. "Bambo, apa pamwamba pali..."

"Iwe, ine ndayendetsa injini zazikulu kuposa nyumba ino. Ukufuna kundiphunzitsa nyali? Pita, mkazi wako akudikira madzi."

Kwathu mwana sabwereza mawu bambo ake atamudula. Kuwauza kuti musachite chakuti, ngati ukulangiza mwana wa sukulu, pakamwa sipatseguka. Ndinawomba m'manja pang'ono, ndinati zikomo, n'kunyamuka.

Tili m'tchalitchi chiperoni chinatsika. Nkhungu inalowa m'mazenera opanda magalasi, mphepo n'kumaboola malaya. Ine sindinade nkhawa, chifukwa ndinkadziwa kuti kukazizira mtima wa bokosi uphwa wokha n'kusunga kutentha. Ndinaona madzi akutsika pachipumi pa Nangozo, ndinalandira mkate ndi chikho, ndipo ndinaimba ndi mawu anga onse. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinamva kuti Mulungu ali pafupi chotero.

Dzuwa litapendeka ndinakwera kufamu pamodzi ndi a Filimoni. Tinapeza Bambo atakhala pakhomo pa kanyumba kaja ndi malaya okha, manja m'khwapa, milomo itatuwa, akunjenjemera thupi lonse. Koma ankamwetulira.

"Ana akowo ndawafunditsa. Chisanu chimenechi chikanawatha. Ine ndine wamkulu, ndapirira."

A Filimoni anandikankha n'kulowa. Bulangeti linali litakuta bokosi lonse, lopindidwa kawiri pamwamba, m'mbali atalipisa bwinobwino monga amachitira mayi ndi khanda, atangosiya mpata pa nyali kuti lisapse. Kulemera kwake kunapanikiza mkono uja, kachivindikiro n'kukhala kotseka tsiku lonse. Titalichotsa, matabwa ankaotcha dzanja. M'nyumba munali fungo la mankhwala, pakuti mtima uja unafufuma mpaka kuphulika. Mzere wa siliva unali utakwera kufika kumapeto kwa galasi.

Ndinaika khutu pa bokosi. Munali zii.

A Filimoni anazimitsa nyali, natulutsa dilowa. Mazira ena anali atabooledwa kale, kamlomo kali panja. Anaswa limodzi ndi chala. Mwanapiye anali wathunthu, nthenga zonyowa, zala zonse, maso otseka. Anaswa lina, ndi linanso. Sanapitirize.

Bambo analowa akugwira khoma. Palibe amene anawauza kanthu. Anayang'ana dilowa, kenaka anatukula mkono wachitsulo ndi chala chimodzi, nauleka kuti ugwe, nautukulanso. Anali munthu wodziwadi makina.

"Mpweya wake umatulukira apa?"

"Inde, Bambo."

"Ndiye ndinachitseka pakamwa."

Anakhala pansi pomwepo. Chifuwa chinawagwira nthawi yaitali, ndipo ine ndinatola bulangeti, likadali lotentha, n'kuwafunditsa. Analikankha.

Lolemba m'mawa Dona anaima pa dilowa ija n'kuyang'ana mazirawo. Kenaka anafunsa kuti wachita ndani. Bambo anali atabwera, atavala jekete, kuti adzadzinenere okha, koma ndinawapempha kuti adikire kuseri kwa mpanda. Sindikanapirira kumva akutchulidwa kuti iwe pamaso panga. Ndinati bokosi linali m'manja mwanga. A Filimoni anayesa kundipepesera, nati mnyamatayu ndi wosamala, tsoka lagwa basi. Dona sanakalipe. Anatola kamtima kophulika kaja nakatembenuza m'dzanja.

"Ichi palibe ku Kabula. Chichokera kutsidya la nyanja, miyezi yambiri. Bokosi palibe, nkhuku palibe, ntchito palibe. Pita, Lameki."

Anapiyewo ndinawakwirira ndekha kuseri kwa khola. Pobwerera ndinadutsa pamudzi pena pamene thadzi losaoneka bwino, lothothoka khosi, linkayenda ndi ana ake m'phulusa. Ndinaima n'kumaliyang'ana mpaka mwini nyumba anandifunsa ngati ndikufuna kugula.

Ndinayenda mafamu ena ndi m'masitolo mpaka ku Lizulu. Kulikonse malo anali odzaza ndi asilikali obwera kunkhondo. Nangozo sananene mawu oipa ngakhale amodzi za Bambo. Ankawaphikira phala n'kukawapatsira yekha, chifukwa kuyambira Sabata lija chifuwa chawo sichinatsikenso. Tsiku limene ndinamuuza kuti ndakalembetsa, anali akupeta. Sanaleke kupeta. Anangoti, "Munati mudzakhalapo."

Tsiku lonyamuka, Bambo anayenda ndi ndodo mpaka pamsasa pamene tinkakwerera lole. Anali atanyamula bulangeti lija, atalimanga ndi luzi.

"Tenga. M'komponi mumazizira."

"Nanga inu, Bambo?"

"Ine sindilifuna. Likandikhudza ndimamva akulira." Anayang'ana kumbali. "Ndinkapita kumeneko kuti iwe usadzapite. Taona, ndakuperekeza ndi manja angawa."

Ndinafuna kuwauza kuti palibe munthu anandichitirapo chachikondi choposa chimene iwo anachita tsiku lija, kukhala pachisanu ndi chifuwa chotere chifukwa cha ntchito yanga. Lole inaliza hutala. Ndinangogwada n'kulandira ndi manja awiri.

Mwana wanga anabadwa ndili pansi pa nthaka. Bambo anamunyamula kamodzi, ndipo mvula yoyamba isanagwe anaikidwa m'manda. Zonse ziwiri ndinazimva kwa munthu wakwathu amene anafika mochedwa. Pamene ndinkabwerera, mwanayo anali akuyenda, ndipo anathawa atandiona.

Ndine wokalamba tsopano, ndipo chifuwa cha Bambo ndili nacho. Sindinaleke kupemphera. Koma ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, sindinamvetsebe chifukwa chimene zinachitikira pa tsiku la ubatizo, pa ora limene ndinali ndi chikho m'manja. Ndafunsa, sindinayankhidwe. M'tchalitchi akamawerenga za Ambuye wofuna kusonkhanitsa ana ake monga nkhuku ichitira ndi anapiye, anzanga amavomera mokondwa, ine ndimaweramitsa mutu. Ndimakhulupirira kuti mapiko ake satsamwitsa. Ndimakhulupirira, koma ndimanjenjemera.

Chimene ndinasunga pa ntchitoyo n'chaching'ono. Ku Joni anandiika pa mapampu, ndipo pambuyo pake ndagwira zitofu ndi mabalani a fodya. Ndikamasiyira munthu chinthu chamoto, sindiyamba ndi pamene moto umalowera, pakuti pamenepo aliyense amaona. Ndimamugwira dzanja n'kuliika pamene kutentha kumatulukira, ndi kumuuza chimene chimafa pakatsekedwa. Akhale wamkulu chotani, akandidula mawu ndimagwada n'kubwereza.

Bulangeti lija ndikadali nalo. Lapyapyala, ndipo pakona pena pali chibowo chozungulira chimene chumuni chinawaula. Nangozo wafuna kangapo kusokapo chigamba. Ndimamuuza kuti asiye, pazituluka mpweya.